Freddy adapita, koma mantha adatsala ku Mulanje

Namondwe wa Freddy atawomba chigawo chakummwera m'mwezi wa Malichi 2023, boma lidawerenga zonse zomwe zikadatheka kuwerengedwa. Malinga ndi lipoti lomwe lidatuluka ngoziyo itachitika, anthu 679 adafa, 537 adasowa, 2,178 adavulala ndipo oposa 659,000 adathawa m'nyumba zawo. Katundu yemwe adaonongeka adali wa ndalama zoposa madola 500 miliyoni a ku America, pomwe ntchito yokonzanso zinthu imafuna pafupifupi madola 680 miliyoni. Milatho, misewu, sukulu, minda ndi ziweto, zonse zidalowa m'kaundula.

Kuvulala kwa maganizo n'kovuta kukuika pamndandanda wotere. Mayi yemwe adapulumukira mumtengo uku akuona madzi akutenga ana ake alibe bala loti dokotala asoke. Bambo yemwe adafukula abale ake m'matope amayenda pamsika wa Limbuli ngati munthu wina aliyense. Koma umboni wochokera m'maiko omwe adakumanapo ndi ngozi zotere ukuonetsa kuti mwa opulumuka alipo ena omwe sachira paokha, ndipo amavutika zaka zambiri ngati palibe wowathandiza. Ku Mulanje, boma lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu 684,107, nkhani yagona poti anthu oterewa awathandiza ndani.

Chithandizo chake chilipo, sichilira makina odula, ndipo china chidayesedwa kale m'dziko momwe muno. Chomwe chikusowa ndi anthu ophunzitsidwa okhala pafupi ndi ovutikawo, owayang'anira pantchito yawo, komanso ndalama zokhazikika za boma zolipirira zonsezi.

Ngozi yomwe imabwerera

Freddy adali namondwe wachilendo. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO lidatsimikiza m'chaka cha 2024 kuti adatenga masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense m'mbiri yolembedwa. Atalowa kachiwiri m'dziko la Mozambique pa 11 Malichi, mvula yake idakhuthukira m'mapiri a kummwera kwa Malawi. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe, kuseri kwa phiri la Mulanje, kudagwa mvula ya mamilimita 1,078 m'masiku anayi okha, kuposa yomwe mzinda wa Lilongwe umalandira chaka chonse. Nthaka ya m'phiri idakhuta madzi n'kugumuka. Matope, mitengo ndi miyala ikuluikulu zidatsetserekera m'midzi ya m'munsi, ndipo dera la Mfumu Yaikulu Njema, kufupi ndi chipata cha Muloza, ndi limodzi mwa madera omwe adakhudzidwa koopsa. Pa 13 Malichi, Lazarus Chakwera, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, adalengeza kuti chigawo chakummwera chili pangozi.

Anthu a m'derali adali atazionapo kale zotere. M'Malichi 1991, phiri la Michesi lidagumuka n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe, komwe panthawiyo kudali mbali ya boma la Mulanje. Akuluakulu amati kudadutsa Napolo, chinjoka chomwe amakhulupirira kuti chimagona kunsi kwa phiri ndipo chikamasamuka chimasesa chilichonse chomwe chili m'njira mwake. Ena mwa agogo omwe adathawa Freddy adali anyamata ndi atsikana m'1991, choncho kwa iwo aka kadali kachiwiri.

Freddy adapeza anthu atatopa kale. Namondwe wa Idai adadutsa m'2019, kenaka Ana ndi Gombe m'2022. Mliri wa kolera womwe udayamba chaka chomwecho udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Freddy atapita, ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti m'Novembala 2023, chilala chidachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28 m'2024, ndipo namondwe wa Jude adafika kummwera m'Malichi 2025.

Mndandandawu uli ndi tanthauzo lalikulu pankhani ya maganizo. Munthu yemwe waona zoopsa amayamba kuchira thupi lake likazindikira kuti ngozi yatha. Kwa wokhala patsinde pa phiri, ngozi siyitha. Phiri lomwe lidakwirira abale ake amaliona m'mawa uliwonse akangotsegula chitseko. Mvula yomwe amaiyembekeza kuti adzale ndi yomweyo imene imamusowetsa tulo ikayamba kugunda pamalata. Mwambi woti walira mvula walira matope udasanduka wowawa m'midzi imeneyi.

Momwe vutoli limaonekera

M'masiku oyamba ngozi itachitika, pafupifupi aliyense amakhala ndi mantha, amalira, amasowa tulo kapena amangokhala duu ngati wazizidwa. Akatswiri amati izi si matenda. Ndi momwe thupi ndi maganizo zimachitira zikakumana ndi chinthu choopsa, ndipo anthu ambiri amakhazikika pakapita masabata kapena miyezi, makamaka ngati ali ndi pogona, chakudya ndi abale pafupi.

Ena sakhazikika. Chithunzi cha tsikulo chimangowabwerera usana ndi usiku ngati zikuchitika tsopano lino. Amapewa njira, mtsinje kapena nkhani iliyonse yowakumbutsa za ngoziyo. Amadzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse ndipo sachedwa kupsa mtima. Zizindikirozi zikakhalitsa n'kuyamba kumulepheretsa munthu kugwira ntchito kapena kusamalira banja, madokotala amati ali ndi vuto lotchedwa PTSD. Enanso amagwa m'matenda a kukhumudwa kwakukulu: sasangalala ndi chilichonse, chakudya sichilowa, amadziona achabechabe, ndipo ena amadziimba mlandu kuti bwanji adapulumuka iwo pomwe ana awo adapita.

M'chipatala cha kumudzi, munthu wotere safika n'kunena kuti maganizo akumuvuta. Amadandaula mutu, kuphwanya m'thupi, mtima kuthamanga, chizungulire kapena kutentha m'chifuwa. Amamuyeza malungo osawapeza, amamupatsa panado n'kumuuza kuti abwerenso zikapitirira. Pamzere pali anthu ena ambiri, ndipo nthawi yofunsa kuti kunyumba zikuyenda bwanji palibe. Akamufunsa bwino, yankho lomwe limabwera kawirikawiri ndi loti amaganiza kwambiri. Mawu amenewa ndiwo khomo lolowera, popeza kungotchula matenda a m'maganizo anthu ambiri amamva kuti akunenedwa misala.

Vutoli lidalipo Freddy asadabwere. Kafukufuku yemwe Robert Stewart ndi anzake adachita pachipatala cha boma cha Thyolo, boma loyandikana ndi Mulanje, adapeza kuti pafupifupi amayi atatu mwa khumi aliwonse obwera ndi makanda kusikelo adali ndi vuto la nkhawa kapena kukhumudwa. Namondwe adagwera pa anthu omwe ambiri adali atasenza kale katundu wolemera.

Kwa abambo, vutoli limabisala kwambiri. Mnyamata amakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, ndipo akakula chisoni chake chimatulukira kukachasu, m'ndewu za m'banja kapena m'kungokhala chete. Apolisi adalengeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ya 2024, anthu 281 adadzipha m'dziko muno, ndipo 246 mwa iwo adali amuna. Chiwerengerochi n'cha dziko lonse ndipo zifukwa zomwe apolisi amatchula n'zambiri, monga ngongole ndi mikangano ya m'banja. Komabe chikuonetsa kuti amuna ndiwo amafika pamapeto asadauze aliyense. Gawo 229 la malamulo a milandu, lomwe kwa zaka zambiri lakhala likuti kuyesa kudzipha ndi mlandu, lawonjezera chifukwa china chobisira vutoli.

Zonsezi zimakhudzanso chuma cha pakhomo. Ku Mulanje tiyi amachuluka m'nyengo ya dzinja, nthawi yomwenso minda ya chimanga imafuna kupalira. Wothyola tiyi yemwe wachezera usiku wonse kumvetsera ngati phiri likulindima sangakwanitse makilogalamu omwe mnzake wogona bwino amathyola. Mlimi yemwe wataya mtima salowa m'munda pa nthawi yake, ngakhale atalandira mbewu ndi feteleza.

Maliro opanda manda

Pali gulu lina lomwe vuto lake n'lapadera: abale a anthu 537 omwe adasowa. Ena adakwiririka ndi matope akuya, ena adakokoloka ndi mitsinje.

Pachikhalidwe cha kuno, maliro ali ndi ndondomeko yake yomwe imathandiza ofedwa kuvomereza zomwe zachitika. Anthu amagona pasiwa, amaona nkhope, adzukulu amakumba manda, akumpingo amaimba, achibale amapereka chipepeso. Pambuyo pake pamakhala kumeta kapena sadaka, ndipo pakapita nthawi banja limamanga chiliza. Gawo lililonse limamuuza wofedwa kuti munthu wapitadi ndipo mudzi wonse waona. Yemwe m'bale wake adasowa sadapeze mwayi umenewu. Sadaone nkhope, alibe manda oti akasese, ndipo mumtima mwake mumatsalabe kachiyembekezo koti mwina munthuyo adapulumukira tsidya lina la malire.

Katswiri wa za mabanja wa ku America, Pauline Boss, yemwe adafufuza za mabanja a asilikali osowa kunkhondo m'zaka za m'ma 1970, adaonetsa kuti kutaya munthu mopanda umboni wa imfa kumaimitsa chisoni pamalo amodzi. Wofedwa amalephera kulira mpaka kumaliza, amalepheranso kupitiriza moyo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO tsopano limazindikira chisoni chokhalitsa mopitirira muyeso, chomwe chimamulepheretsa munthu kukhala moyo wake wa tsiku ndi tsiku, ngati vuto lofunika chithandizo.

Kusamuka nako kuli ndi ululu wake. Boma lidalangiza anthu okhala m'malo angozi kuti apite kumalo otetezeka, ndipo langizoli n'lomveka. Koma m'madera ambiri a Mulanje anthu amatsata chikamwini, ndipo malo amayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Mayi akasamuka amasiya munda wa makolo ake, manda a mtundu wake ndi anansi omwe akadamutonthoza. Mulanje ndi boma lothithikana, ndipo gawo lina la nthaka yabwino lili m'minda ikuluikulu ya tiyi, kotero kupeza malo atsopano si nkhani yapafupi. Yemwe wabwerera kumalo angozi amagona ndi mantha, pomwe yemwe wasamuka amakhala mlendo.

Chithandizo chomwe chimagwira ntchito

Pazaka makumi awiri zapitazi, akatswiri aphunzira zambiri za zomwe zimathandiza ndi zomwe zimaononga. M'masiku oyamba, WHO imalimbikitsa chithandizo choyamba cha m'maganizo, chomwe aliyense wophunzitsidwa pang'ono angapereke. Mfundo zake n'zitatu: kuona yemwe akufunika thandizo msanga, kumumvetsera mosamukakamiza, ndi kumulumikiza ndi abale, chakudya, pogona kapena chipatala. Kusonkhanitsa opulumuka n'kuwauza kuti aliyense afotokoze mwatsatanetsatane zomwe adaona, pamkumano umodzi wokha, ndi njira yomwe WHO idaletsa chifukwa siithandiza ndipo ena imawapweteka.

Kwa omwe akuvutikabe patapita miyezi, pali njira yotchedwa PM+, yomwe WHO idatulutsa m'2016 itayesedwa ku Pakistan ndi ku Kenya. Munthu amakumana ndi mlangizi kasanu, kamodzi pasabata, payekha kapena pagulu. Amaphunzira kupuma pang'onopang'ono kuti mtima ukhazikike. Amaphunzira kusiyanitsa mavuto omwe angathe kuchitapo kanthu ndi omwe sangathe, kenaka kusankha limodzi n'kuliphwanya m'zigawo zing'onozing'ono. Amalimbikitsidwa kubwerera ku zinthu zomwe adazisiya, monga kwaya, banki m'khonde kapena dimba, chifukwa kudzitsekera m'nyumba kumakulitsa kukhumudwa. Pomaliza amathandizidwa kupeza anthu omwe angawadalire. Wopereka uphunguwu safunika digiri. Chofunika n'choti aphunzitsidwe bwino ndipo akhale ndi womuyang'anira.

Omwe ali ndi PTSD yeniyeni amafunika uphungu wozama, woperekedwa ndi munthu wodziwa bwino ntchitoyi. Malangizo a WHO a 2013 amatchula njira yothandiza munthu kuyang'anizana ndi chikumbukiro chowawacho pang'onopang'ono, pamalo otetezeka, mpaka chitasiya kumulamulira, komanso njira ina yotchedwa EMDR. Mankhwala monga fluoxetine ndi amitriptyline amathandiza omwe ali ndi kukhumudwa kwakukulu. Malangizo omwewo amachenjeza kuti mapiritsi ogonetsa a mtundu wa diazepam asamaperekedwe kwa munthu yemwe wangokumana ndi zoopsa, popeza sachiza vutolo ndipo munthu amatha kuwazolowera.

Awapatsa ndani?

Apa ndi pomwe pali mpata waukulu. Chipatala cha Zomba Mental, chomwe chidatsegulidwa m'1953, ndicho chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo. A St John of God ali ndi zipatala ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo koleji yawo ya ku Mzuzu imaphunzitsa opereka uphungu. Sukulu ya ukachenjede ya KUHeS idayamba kuphunzitsa madokotala akuluakulu a matendawa, koma akadali owerengeka m'dziko la anthu oposa 20 miliyoni. Zipatala za m'maboma zimakhala ndi anamwino ndi madokotala ochepa odziwa za ntchitoyi, ndipo nthawi yawo yambiri imathera pa odwala khunyu ndi omwe asokonekera kwambiri. Munthu wosowa tulo chifukwa cha zomwe adaona sangalipire ulendo wa ku Zomba, ndipo kumeneko si komwe akufunika kupita.

Yankho lomwe maiko osauka ambiri atsata ndi kugawana ntchito: akatswiri ochepawo aphunzitse ndi kuyang'anira ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono ndi anthu wamba. Mulanje ili ndi mbiri yake pankhaniyi. Kafukufuku yemwe Demoubly Kokota ndi anzake adatulutsa m'2020 adaunika maphunziro a masiku awiri omwe ogwira ntchito zachipatala 43 a m'bomali adalandira, potsata ndondomeko ya WHO yotchedwa mhGAP. Luso lawo lozindikira matenda a m'maganizo lidakwera, chimodzimodzi kudzidalira kwawo powathandiza odwala. Koma kaonedwe kawo ka anthu odwala matendawa sikadasinthe kwenikweni. Phunziro lake n'loti msonkhano wa masiku awiri umatsegula mutu, koma kusintha mtima ndi kagwiridwe ka ntchito kumalira kuyenderedwa ndi kulangizidwa mobwerezabwereza.

Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda adayambitsa pulogalamu ya Friendship Bench m'2006 mumzinda wa Harare. Adaphunzitsa amayi achikulire kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi anthu ovutika ndi chomwe Ashona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Zotsatira za kafukufuku zomwe zidasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA m'2016 zidaonetsa kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, anthu 14 mwa 100 aliwonse omwe adakhala pabenchipo adali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, poyerekeza ndi 50 mwa 100 omwe adalandira chithandizo cha masiku onse. Njirayi idafika kale ku Malawi kudzera m'kafukufuku wa m'zipatala zina.

Umboni wapafupi kwambiri udachokera ku Neno. Kumeneko bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, lidalowetsa chithandizo cha kukhumudwa m'zipatala 14 momwe anthu amalandirira kale mankhwala a matenda okhalitsa monga Edzi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Odwala amafunsidwa mafunso ochepa, ndipo opezeka ndi vutoli amalowa m'magulu a PM+ kapena kulandira mankhwala. Zotsatira zomwe zidatuluka m'magazini ya The Lancet m'2024 zidaonetsa kuti kukhumudwa kudatsika kwambiri, mtengo wake udali wotsika, ndipo anthu a m'nyumba za odwalawo nawo adapepukidwa. Neno ndi boma la mapiri, la misewu yovuta ndi la anthu osauka. Zomwe zidatheka kumeneko n'zovuta kunena kuti sizingatheke ku Mulanje, komwe kuli chipatala cha boma, chipatala cha mishoni cha CCAP ndi zipatala zing'onozing'ono m'madera ambiri.

Njala kaye, kapena maganizo?

Alipo omwe amati nkhani ya uphungu ndi ya anthu okhuta. Iwo amati munthu wopanda nyumba ndi ufa akufunika malata ndi chimanga, ndipo kucheza naye pabenchi n'kumunyoza. Mfundoyi ili ndi choonadi chake. Malangizo a mabungwe a United Nations a 2007 okhudza thanzi la m'maganizo panthawi ya ngozi amaika chitetezo, chakudya, madzi ndi pogona pamaziko a china chilichonse. Palibe uphungu womwe ungakhazike mtima wa munthu yemwe akugonabe kunsi kwa thanthwe lomwe lingagwe dzinja likudzali. Kupereka malo otetezeka ndi gawo la chithandizo cha m'maganizo.

Komabe zinthu ziwirizi sizipikisana. Yemwe wagwa m'kukhumudwa kwakukulu amalephera kugwiritsa ntchito ngakhale thandizo lomwe walandira. Mbuzi za pulojekiti zimagulitsidwa, mpamba wa bizinesi umathera pamowa, ma ARV amaiwalika, mwana salowa m'kalasi chifukwa palibe womudzutsa. Ndalama zomwe boma ndi mabungwe amaika pomanganso miyoyo ya anthu zimabala zochepa ngati anthuwo alibe mphamvu yoyambiranso.

Ena amati ntchitoyi ilipo kale m'manja mwa mipingo, mizikiti ndi asing'anga. N'zoona kuti anthu ambiri akavutika mumtima amayamba kupita kwa abusa, ashehe, amayi a chigwirizano kapena ankhoswe, ndipo chitonthozo chomwe amapeza kumeneko n'chenicheni. Mapemphero okumbukira osowa, mwambo wa pamudzi kapena chipilala cholembedwa maina zingapatse ofedwa malo olirira omwe chipatala sichingapereke. Vuto limabwera pomwe munthu wofunika mankhwala akuuzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena pomwe maloto oipa asanduka umboni woti wina m'mudzi akumulodza. M'dziko lomwe okalamba amaphedwa powaganizira ufiti, kutanthauzira kotere n'koopsa. Atsogoleri a zipembedzo ndi mafumu akaphunzitsidwa kuzindikira yemwe akufunika kupita kuchipatala, amasanduka mlatho wabwino kuposa wina aliyense.

Lamulo lilipo, ndalama zili kuti?

Ngozi za ku Mulanje zasinthapo kale malamulo a dziko lino. Lamulo loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi lidakhazikitsidwa m'1991, kutsatira zomwe zidachitika ku Phalombe. Lomwe lidalowa m'malo mwake lidadutsa m'Nyumba ya Malamulo m'2023, patangopita masabata ochepa Freddy atawomba. M'2025, nyumbayi idavomerezanso lamulo latsopano la thanzi la m'maganizo lolowa m'malo mwa la 1948, lomwe lidalembedwa m'nthawi ya atsamunda ndipo chidwi chake chidali pa kutsekera odwala. Latsopanoli likutsindika za ufulu ndi ulemu wa wodwala.

Lamulo palokha sililemba ntchito mlangizi, siligula mafuta a njinga yamoto yopita ku Muloza, ndipo silidzaza shelefu ya mankhwala. WHO imati padziko lonse maboma amapereka pafupifupi 2 peresenti yokha ya ndalama za zaumoyo ku thanzi la m'maganizo. Ku Malawi, gawo loposa theka la ndalama zonse za zaumoyo lakhala likuchokera kwa abwenzi akunja, ndipo kuimitsidwa kwa thandizo la dziko la America m'Januwale 2025 kudaonetsa kuopsa kodalira thumba la eni. Chithandizo cha m'maganizo chomwe chimabwera ndi mabungwe panthawi ya ngozi chimatha pulojekiti ikatha, kawirikawiri misasa ikangotsekedwa. Imeneyo ndiyo nthawi yomwe omwe sadachire paokha amayamba kuonekera.

Zofunika kuchita sizachilendo. Mafunso ochepa oyezera kukhumudwa adamasuliridwa kale m'Chichewa n'kuyesedwa m'zipatala za m'dziko muno, ndipo angafunsidwe kusikelo, kolandirira ma ARV ndi kukiliniki ya shuga. Chipatala chilichonse chaching'ono m'madera omwe adakhudzidwa chikufunika mlangizi wolembedwa ntchito ndi boma, chifukwa kusenzetsa ntchitoyi alangizi a zaumoyo omwe ali kale ndi katemera, kolera ndi kalembera wa m'midzi n'kuipha isadayambe. Anamwino a matenda a m'maganizo a pachipatala cha boma akufunika mayendedwe kuti aziyendera alangiziwo mwezi ndi mwezi. Makomiti a m'midzi oona za ngozi, omwe amaphunzitsidwa kale kuchenjeza anthu madzi akamabwera, angaphunzirenso chithandizo choyamba cha m'maganizo. Amuna akuyenera kutsatidwa komwe amapezeka, m'minda ya tiyi, pamasiteji a kabaza ndi pamabwalo a mpira, popeza kusikelo safikako.

Pakadalipano, mabanja ali ndi gawo lawo. Munthu yemwe watha milungu ingapo osagona, yemwe wasiya kudya, kusamba kapena kucheza, yemwe wayamba kumwa mowa mopitirira kale, kapena yemwe akulankhula zoti kuli bwino kufa, akufunika kuperekezedwa kuchipatala chapafupi msanga. Kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, ndipo nthawi zambiri kumamupatsa mpata wolankhula. Abale a m'tauni omwe amatumiza ndalama kumudzi pafoni angathe kufunsanso ngati anthu kumeneko akugona tulo.

Akatswiri a zanyengo akuchenjeza kuti kutentha kwa dziko kukuchititsa kuti anamondwe azibwera ndi mvula yochuluka kuposa kale. Mulanje ndi Phalombe adzalandiranso mvula yoopsa, ndipo nthambi ya Dodma idzawerenganso nyumba ndi milatho. Khonsolo ya Mulanje ndi Unduna wa Zaumoyo ali ndi umboni wa ku Neno, phunziro la kafukufuku wa m'boma lomwelo ndi lamulo latsopano. Chotsala n'choti thanzi la m'maganizo lipatsidwe mzere wakewake m'ndondomeko ya chuma ya bomali, pamodzi ndi maudindo a anthu ogwira ntchitoyo.